Rock yodekha sinabadwire ku Louisville kokha

Okonda rock amati chamba chodekha chija, cha nyimbo zazitali zoyenda pang'onopang'ono, chinabadwa ndi chimbale chimodzi, Spiderland, cha gulu la Slint la ku Louisville m'boma la Kentucky ku America. Chimbalechi chinatuluka mu Marichi 1991 ndipo ine ndimachikonda kwabasi, koma zoti ndicho chinayambitsa zonse ndimakana.

Mizu yake inamwazikana. Mu 1967 The Velvet Underground ku New York anali atayamba kale kukoka liwu limodzi la chingwe kwa nthawi yaitali. M'zaka za m'ma 1970 magulu a ku Germany monga Can ndi Neu! ankabwereza kamvekedwe kamodzi mpaka womvera kuiwala nthawi. Mu 1988 Talk Talk a ku England, omwe anatchuka ndi nyimbo za pa wailesi, anatulutsa Spirit of Eden, chimbale chimene malo achete ndi ochuluka zedi. Mu 1990 Codeine a ku New York anatulutsa Frigid Stars. Slint anafika pa dimba lolimalima kale.

Komabe zomwe anachita anyamata anayi a Slint si zamasewera. Ankayeserera m'chipinda chapansi cha nyumba ya makolo a woimba ng'oma, Britt Walford, kubwereza kachigawo kamodzi kwa maola. Mu Ogasiti 1990 anapita ku Chicago n'kujambula nyimbo zisanu ndi imodzi m'masiku ochepa chabe. Brian McMahan sayimba kwenikweni m'chimbalemu: amalankhula, amanong'ona, ndipo kumapeto kwa nyimbo yomaliza amakuwa ndi mtima wonse. Gitala ya David Pajo imadontha liwu limodzilimodzi, besi ya Todd Brashear ikudikira pansi. Pachikuto pali chithunzi chakuda ndi choyera chomwe anajambula Will Oldham: mitu inayi ikuyandama m'madzi a pa dzenje lomwe ankakumbapo miyala. Pomwe kampani ya Touch and Go inkachitulutsa, gululo linali litatha kale. Panalibe woti n'kuchitsatsa. Chinayenda pakamwa ndi pakamwa, mothandizidwa ndi Steve Albini yemwe anachiyamikira kwambiri m'nyuzipepala ya Melody Maker.

Dzina la chambachi linabwera mochedwa. Mu 1994 mlembi Simon Reynolds, polemba za chimbale cha Hex cha Bark Psychosis, anagwiritsa ntchito mawu akuti post-rock, ndipo mawuwo anakakamira. Nthawi imeneyo gulu la Low linali litayamba kale ku Duluth mu 1993. Mogwai anayamba ku Glasgow mu 1995, Sigur Rós a ku Iceland n'kugwedeza dziko mu 1999.

Vuto linayamba chambachi chitakhala ndi njira yodziwika. Yamba mwakachetechete, onjezera pang'onopang'ono, kenako khuthula phokoso ngati mvula yoyamba ndi kuwaza isanagwe yamkuntho. Magulu ambirimbiri anatengera njirayi osatengera mtima wake. Opanga mafilimu ndi otsatsa malonda anaona kuti nyimbo zopanda mawu zimakhudza mtima mosavuta, ndipo anazigula. Lero zambiri zimaikidwa pa intaneti ngati zomvera powerenga kapena pogona. Nyimbo zomwe zinkafuna kuti munthu asiye zonse n'kutchera khutu zasanduka zongodzaza chipinda, ndipo izi zimandiwawa.

Si onse anagonja. Mu 2013 gulu lina la ku Montreal, lomwe linakhala chete kwa zaka pafupifupi khumi lisanabwerere ndi chimbale chatsopano, linapambana mphotho yaikulu ya nyimbo m'dziko la Canada, ya madola 30,000. Oimbawo sanapite ku mwambowo. M'mawa mwake anatulutsa chikalata chothokoza, koma m'chikalata chomwecho anadandaula kuti phwando lotere likuchitika pomwe ndalama zothandizira anthu zikudulidwa, komanso kuti kupikisanitsa oimba sikuthandiza nyimbo. Ananena kuti ndalamazo adzazigwiritsa ntchito kuti akaidi a m'ndende za ku Quebec apeze zida zoimbira. Ena anawanena kuti ndi odzikweza, kuti akanakana asanasankhidwe. Ine ndikuona mosiyana. Gulu lomwe linakulira m'mabwalo ang'onoang'ono linakumbutsa anzake kuti chambachi chinayamba ndi anthu omwe sankayembekezera kulemera nacho.

Slint anakumananso mu 2005, ndipo mu 2014 Spiderland inatulukanso pamodzi ndi filimu ya mbiri yawo yotchedwa Breadcrumb Trail. Mu 2021 Mogwai anafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale ku Britain, patatha zaka zoposa 25 akuimba.

Amene simunamvepo nyimbozi, yambani ndi Spirit of Eden, kenako Spiderland. Chilichonse chimatenga mphindi pafupifupi 40. Ikani foni pambali ndipo mumve kuyambira koyamba mpaka kumapeto.