Kalata za Matchona

Mawu akuti "mtchona" ndi ovuta kuwamasulira. Zinenero zina zili ndi mawu a munthu wopita kutali, kapena wosochera, koma kwathu kupita kutali pakokha sikunali kutchona. Amuna ankapita ku Halale, ku Wankie kapena ku Joni n'kukhalako zaka zisanu, kumudzi akuwawerengabe ngati anthu amene angotuluka pang'ono. Munthu ankayamba kutchona kalata zake zikasiya kubwera.

Opita anali ambiri. Mu 1935 komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Chinkawachotsa pakhomo ndi msonkho wa nyumba, umene unkafuna ndalama pomwe kumudzi ndalama kunalibe, komanso njinga, bulangete ndi makina osokera amene anzawo ankabwera nawo. Oyamba ankayenda pansi kudzera ku Tete, n'kuwoloka Zambezi. Kenaka kunabwera malole a Ulere, kunabwera Mthandizi wolembera anthu ntchito za ku Southern Rhodesia, ndi Wenela wa migodi ya golide, amene pambuyo pake ankanyamula anthu pa ndege mpaka ku Francistown. Lero ku Blantyre timakwera basi pa Wenela, ambiri osafunsa n'komwe kuti dzinalo linachokera kuti.

Mabuku a mbiri amakonda kunena kuti Anyasa ankadziwika kunjako chifukwa cha sukulu za mishoni za Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma. N'zoona. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi wa iwo, ndipo ambiri ankapeza ukalaliki pa migodi ndi m'mafamu. Koma odziwa cholembera anali ochepa poyerekeza ndi onyamula fosholo. Mwamuna wosaphunzira akafuna kulembera kwawo ankapita kwa mnzake wa m'komboni Lamulungu masana, iye n'kumayankhula, winayo akulemba. Kalatayo ikafika kumudzi, mkazi kapena mlongo wake ankaitengera kwa aphunzitsi, kapena ankaitana mwana wa sukulu kuti aiwerenge pakhonde, anthu atakhala pamphasa. Mawu a anthu awiri ankadutsa m'makutu a anthu anayi kapena kuposa. Ndani angaulule zakukhosi m'njira yotere?

Kwathu ku Dedza kunatsala kalata zisanu ndi ziwiri za malume awo a amayi anga, amene anapita ku Southern Rhodesia m'masiku a chitaganya. Agogo anga, mlongo wawo, anazisunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Iwo sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa kalata iliyonse ndi kapindidwe kake, ndipo ankatha kunena zimene zili m'katimo osaphonya. Ine nditaziwerenga koyamba ndinaona chimene iwo sakanaona: zinalembedwa ndi manja atatu osiyana. Dzanja lina ndi la munthu wophunzira bwino, wolemba "c" pamene ife lero timalemba "ch". Lina limalowetsa mawu a Chishona apa ndi apo. Lachitatu limakanikiza pensulo mpaka kuboola pepala.

Zimene zili m'kalatamo n'zochepa, ndipo wofuna nkhani zokoma angakhumudwe. Moni amatenga theka la tsamba, kutchula aliyense ndi dzina, kuyambira amfumu mpaka khanda. Kenaka ndalama: zatumizidwa zingati, kudzera mwa yani, zamsonkho ndi ziti, zansalu ndi ziti. Za ntchito, za bwana, za matenda, za kusungulumwa, palibe. Koma pakati pa zimenezi pali milandu. Kwa ife Achewa malume ndiye mwini mbumba; ndiye nkhoswe pa ukwati wa ana a mlongo wake, ndiye woyankha akalakwa. Kalata ina ikuvomera ukwati wa mwana wamkazi wamkulu wa agogo, ndipo ikutchula munthu woti aimirire m'malo mwawo. Ina ikuletsa kubwereketsa dimba. Munthu ankalamulira mbumba yake ali kutsidya kwa Zambezi, ndi dzanja lobwereka.

Ndiye kalata zikasiya, chinkasowa si ndalama zokha. Mbumba inkakhala yopanda mwini, koma malo ake osatheka kupatsa wina, poti mwiniyo sanamwalire. Panalibe maliro, panalibe kumeta, panalibe tsiku loti anthu anene kuti zatha. Akazi okwatiwa ndiwo ankavutika koposa: adikire zaka zingati asanapite kwa ankhoswe kukapempha kuti amasulidwe?

Kumudzi mlandu wonse unkagwera wopitayo. Ankati wapeza mkazi wa Chizezuru, waiwala kwawo, ndipo nthawi zina zinalidi choncho. Koma ndikayang'ana pamwamba pa kalata zathu zija ndimaona chifukwa china. Keyala yake ndi bokosi la positi la mwini famu. Wantchito analibe keyala yakeyake. Akachotsedwa ntchito, kapena akathawira ku famu ina, mayankho ochokera kumudzi ankafikira m'bokosi la munthu amene analibe nawo ntchito. Mlembi wake uja akasamuka, pakamwa pake patsekeka. Ndipo wina amene wakhala zaka khumi osasunga kanthu ankachita manyazi kulemba kalata yopanda ndalama, poti ankadziwa kuti idzawerengedwa pagulu. N'kutheka kuti mbali zonse ziwiri zinkadikira, iliyonse ikuganiza kuti inzake ndiyo yaleka.

Ulendo wa ku migodi unaduka mwadzidzidzi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene ife tinalisandutsa Theba, mpaka zinatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Awo anali ndi makontalakiti, ndipo ambiri anabwerera. Matchona a ku Zimbabwe anatsala komweko, ndi mipingo yawo ya CCAP, mizikiti yawo, ndi gule wamkulu amene akuvinidwabe m'mafamu ndi m'matauni a migodi. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ndi adzukulu awo ambiri ali alendo m'dziko limene anabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anawatsegulira njira. Ena mwa adzukuluwo amafika ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay akuyankhula Chishona, atanyamula chitupa chakale cha agogo awo. Pa chitupacho pamakhala dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma, zolembedwa mmene kalaliki wa tsikulo anazimvera, ndipo amayenda nacho mudzi ndi mudzi kufunsa ngati alipo amene akukumbukira mwamuna wina amene anapita ku Halale.