Mwanaalirenji

Mawuwa anachokera ku funso lakuti: mwana alirenji pomwe nkhokwe yadzaza? Lero ndi dzina lotanthauza kuchuluka kwa chakudya mpaka china kutsala. Timati "chaka cha mwanaalirenji" dzinthu zikacha bwino, kapena "dziko la mwanaalirenji" ponena za dera losadziwa njala.

Tanthauzo lake silithera pankhokwe. Mlimi akakolola matumba ambiri pa ekala yomweyo, chimanga chimatsika mtengo pamsika wa Old Town ku Lilongwe. Kalaliki wa ku Capital Hill ndi mlonda wa ku Area 10 amatsala ndi kangachepe kogulira sopo, nsapato ndi malata, ndipo eni sitolo a mumsewu wa Malangalanga amaoda katundu wina. Zokolola zikachepa, mitengo ya zinthu imakwera, ndipo banki ya Reserve ku City Centre kawirikawiri imakweza chiwongoladzanja. M'dziko lomwe anthu ambiri ndi alimi, chuma chimayambira kumunda.

Chilala cha 2005 chitapha mbewu, boma la Bingu wa Mutharika linayambitsa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Mu 2007 Malawi anakolola chimanga choposa matani 3 miliyoni, china n'kugulitsa ku Zimbabwe. Koma mwanaalirenji wodalira mvula ndi feteleza wakunja sakhalitsa. N'chifukwa chake masomphenya a Malawi 2063 anaika patsogolo kuchulukitsa zokolola ndi ulimi wamalonda, zomwe zimafuna mthirira, mbewu zamakono monga za kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, ndi misika yodalirika.