Suti Yobwereka ndi Mbiri ya Mchinji

Zithunzi zakale za Mchinji zili pawiri. Pali zomwe anthu akudza anajambula n'kupita nazo kwawo, ndipo pali zomwe eni dera analipira okha n'kuzipachika pakhoma kapena kuzisunga pansi pa zovala m'sutikesi. Zoyambazo ndizo zimapezeka m'mabuku, m'malipoti ndi pa intaneti, motero ndizo dziko limadziwa. Koma wofuna kumvetsa zomwe anthu a pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda kapena pa Waliranji ankaziyesa zaulemu ayenera kuyambira pa zachiwirizo, ngakhale kuti ndizo ophunzira ena amazinyoza kuti n'zongodzionetsera.

Kamera inafika kuno pamodzi ndi ulamuliro. Boma la Mchinji linayamba ngati linga la asilikali a Britain m'nyengo ya nkhondo yawo ndi Angoni a Mpezeni mu 1898, ndipo analitcha Fort Manning potengera dzina la William Manning, msilikali yemwe pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Zithunzi za nthawi ya atsamunda m'dziko lonse lino zimafanana kakonzedwe: mzungu ali pampando, asilikali kapena amtengatenga aima kumbuyo, ndipo mawu a m'munsi amatchula dzina la wokhala pampandoyo, enawo n'kungowatchula mtundu. Amishoni, monga omwe anatsegula seminale ya Kachebere mu 1939, ankajambula matchalitchi ndi ana asukulu kuti aonetse abale awo ku Ulaya kumene chopereka chawo chikupita. Ufulu utabwera mu 1964 dzina la Fort Manning linachoka, koma kamera inakhalabe ya akuluakulu. Ojambula a boma ankafuna munda wa chimanga chobiriwira, amayi ovina pamsonkhano, ndi njanji yomwe inafika ku Mchinji mu 1980. Kenako mu 2006, chaka chomwe ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayamba kuyesedwa m'boma lomweli, woimba Madonna anadzatenga mwana kumalo osamalira ana amasiye a Home of Hope, ndipo atolankhani a maiko akunja anakhamukira kuno kusaka nyumba yaudzu ndi mwana wopanda nsapato. Ojambula onsewa sananame, popeza nyumba zaudzuzo zinalipodi. Koma aliyense anabwera akudziwa kale chomwe akufuna kuonetsa, kaya ndi kugonja, kutembenuka mtima, chitukuko kapena umphawi, ndipo munthu wa ku Mchinji anali umboni chabe wa nkhani ya wina.

Pambali pa zonsezi panali ntchito ina yomwe olemba mbiri sanailabadire, ya wojambula wa pamsika. Ena anali ndi kachipinda kokhala ndi nsalu yopentedwa kumbuyo, mpando ndi maluwa apulasitiki. Ambiri ankangoyenda panjinga, kamera ili m'khosi, kutsata maukwati, ubatizo, tsiku la msika ndi tsiku lotsekera sukulu. Wojambulitsa ankapereka ndalama ina pomwepo, yotsala n'kudzamaliza polandira chithunzi. Kudikira kunali kwakutali, chifukwa filimu inkayenera kudzaza kaye isanapite ku Lilongwe kukatsukidwa, ndipo nthawi zina yankho linkangobwera lakuti zithunzi zapsa. Ntchitoyi inkayenda ndi nyengo: fodya ndi mtedza zikagulitsidwa ndi pamene anthu ankakumbukira kujambulitsa. Inkayendanso ndi ulendo. Amuna opita kukagwira ntchito kunja kudzera ku Wenela ndi Mthandizi ankatumiza kwawo zithunzi atavala suti ndi chipewa, wotchi ikuonekera bwino padzanja, ndipo akumudzi ankabweza chithunzi cha mkazi atanyamula mwana yemwe bambo ake anali asanamuone. Pamene Kamuzu Banda analetsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, mabanja ambiri anali atazolowera kale kuti chithunzi ndi kalata yomwe ngakhale wosadziwa kuwerenga amaimva.

Chotsutsa choyamba n'chodziwika. Amati zithunzi zoterezi n'zabodza, pakuti suti inali yobwereka, wailesi inali ya mwini situdiyo, ndipo nsapato zinabwezedwa madzulo omwewo. Zimenezi zinkachitikadi. Koma palibe chithunzi cha munthu chomwe sichinakonzedwe. Mtolankhani woimika mayi pakhomo la khitchini yakugwa, n'kusiya nyumba yamalata ili pambali, nayenso wasankha, ndipo mayiyo sanafunsidwe. M'situdiyo wosankha ndi mwini nkhope, ndipo walipira ndalama yake kuti chisankhocho chikhalitse. N'chifukwa chake suti yobwerekayo ndi umboni wamphamvu. Siitiuza zomwe munthuyo anali nazo, koma imatiuza zomwe iye ndi anansi ake ankagwirizana kuti ndiye kukhala munthu wolongosoka. Mnyamata wogwira buku, mayi wovala yunifolomu ya Mvano, banja loima motsata msinkhu agogo ali pakati, mlimi wogwira chiwongolero cha njinga yatsopano: apa pali sukulu, mpingo, ulemu wa akulu ndi thukuta la m'munda, zonenedwa ndi eni ake. Ngakhale malamulo a dziko amaonekeramo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi mabuluku ndi masiketi aafupi kwa zaka pafupifupi 20, ndipo mphamvu yake inkathera pachipata cha Mwami, pomwe abale a mabanja omwewo anali tsidya linalo, ku Chipata.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Wosauka kwambiri sankajambulitsa, ndipo ngakhale wopeza bwino sankaitana wojambula kuti adzamuone akupalira kapena akusoka fodya m'chigafa. Wodalira zithunzi za m'nyumba zokha angaganize kuti moyo wa ku Mchinji unali maukwati okhaokha. Apa zithunzi za akudza zili ndi ntchito, ndipo kuzitaya kungakhale kupusa. Komabe zosowazo nazonso zimaphunzitsa. Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005 ndipo lero ali pamakalendala, sanali chinthu choti aliyense angochilozetsa kamera, chifukwa za kudambwe zili ndi eni ake. Mlendo akamati kukongola kwa mudzi amanena gule, nkhokwe ndi dzuwa likulowa kuseri kwa phiri. Mwini mudzi ataitana wojambula ankaima patsogolo pa chitseko chopentedwa. Kusiyana kumeneku kungaoneke pokhapokha mitundu iwiri ya zithunziyi itaikidwa pamodzi, ndipo pakadali pano mtundu umodzi wokha ndiwo umasamalidwa.

Kwina anazindikira msanga. Ku Mali, zithunzi za m'situdiyo za Seydou Keïta ndi Malick Sidibé, zomwe zinayamba ngati ntchito yolipidwa ndi anthu wamba a mu Bamako, zinafika m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso, ndipo Sidibé analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Zinatheka chifukwa ojambulawo anasunga manegetivu awo. Kwathu kuno manegetivu ambiri anatayidwa ntchito itangotha, ndipo zithunzi zotsala zikulimbana ndi chiswe, chinyezi ndi kusamuka. Wina anganene kuti foni yathetsa vutoli, popeza tsopano aliyense amadzijambula yekha, ndipo pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 boma linajambula nkhope za anthu akuluakulu m'midzi yonse. Koma chithunzi cha pachiphaso sichilola munthu kusankha kaimidwe, ndipo cha pafoni chimapita ndi foniyo ikabedwa kapena memori kadi ikafa. Nyumba yosungira zakale ya boma ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Blantyre zili kutali ndi Mkanda, ndipo sizingalowe m'sutikesi ya munthu. Ntchito yosunga zithunzi ingatheke pafupi, kudzera m'sukulu, m'mipingo ndi kwa mafumu monga Zulu, Mlonyeni ndi Mavwere: kujambulanso zithunzi zakalezo, kubweza zenizenizo kwa eni ake, ndi kulemba dzina, mudzi ndi chaka pamene okalamba odziwa nkhopezo akadali ndi moyo.