Mnyamata wa m'nkhalango ya Aveyron ndi mawu akuti mkaka

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwambiwu timautchula kawirikawiri pokamba za khalidwe la mwana, koma lero tiuyeseko pa nkhani ya kulankhula. Kodi mwana amene sanamvepo munthu akulankhula angathe kutulutsa mawu payekha? Funsoli ndi lakalekale, ndipo mafumu ena analifunafuna yankho lake mwankhanza.

Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece, amasimba kuti Psammetichus, mfumu ya ku Egypt imene inalamulira kuyambira 664 mpaka 610 BC, inapereka makanda awiri kwa mbusa n'kumulamula kuti aziwamwetsa mkaka wa mbuzi koma asawalankhule ngakhale liwu limodzi. Patatha zaka ziwiri, anawo akuti ananena kuti "bekos", liwu lotanthauza buledi m'chinenero cha ku Phrygia, ndipo mfumu inagamula kuti chinenero chimenecho ndicho chakale kuposa zonse. Ena anati anawo ankangotsanzira kulira kwa mbuzi, ndipo ine ndili mbali yawo. Mmonke wina dzina lake Salimbene analembanso kuti mfumu Frederick II, m'zaka za m'ma 1200, inaletsa olera kulankhula ndi makanda amene ankawayamwitsa, ndipo makandawo anamwalira. Koma Salimbene ankadana ndi mfumuyo, choncho nkhani yake tiimve mosamala.

Nkhani imene ili ndi mboni zolemba zimene zinaona ndi maso inachitikira ku France. Mu Januwale 1800, pafupi ndi mudzi wa Saint-Sernin m'chigawo cha Aveyron, anthu anagwira mnyamata wa zaka pafupifupi 12 amene kwa nthawi yaitali ankaoneka m'nkhalango ali maliseche, akukumba mizu ndi kutola zakudya zam'tchire. Thupi lake linali ndi zipsera zambiri, china chachikulu pakhosi. Sankalankhula. Chaka chomwecho anamutengera ku Paris, kusukulu ya ana osamva imene ankaiyang'anira Abbé Sicard. Dokotala wotchuka wa matenda a maganizo, Philippe Pinel, atamupima ananena kuti mnyamatayo anabadwa ndi nzeru zoperewera ndipo kumuphunzitsa kunali kutaya nthawi.

Dokotala wina wachinyamata, Jean Itard, wa zaka 26 zokha, anakana chigamulocho. Iye ankakhulupirira kuti chimene mnyamatayo anasowa ndi anthu, ndipo kuti akapatsidwa anthu adzapezanso mawu. Anamutenga, ndipo mayi wina, Madame Guérin, ndiye ankamusamalira usana ndi usiku.

Choyamba chimene Itard anaona chinali chokhudza makutu. Mnyamatayo sanali wogontha. Munthu akaswa mtedza kumbuyo kwake ankatembenuka msanga, koma mfuti ikalira pafupi sankalabadira, ndipo mawu a anthu ankangomupitirira ngati mphepo. Makutu ake anali ataphunzira kumvetsera zokhazo zimene zinkamudyetsa m'tchire. Tsiku lina anaoneka kuti akutembenuka akamva liwu la "o", ndipo Itard anamupatsa dzina lokhala ndi liwu limenelo: Victor.

Tsopano mvetserani nkhani ya mkaka, pakuti ndi imene yandichititsa kulemba zonsezi. Itard ankagwira kapu n'kumatchula liwu lachifalansa lakuti "lait", kutanthauza mkaka, kufuna kuti Victor alitchule kuti apatsidwe. Patapita masiku, mnyamatayo analitchuladi. Itard anakondwa, koma chimwemwe chake sichinakhalitse. Anazindikira kuti Victor ankatchula liwulo mkaka utathiridwa kale m'kapu, ngati mfuu ya chisangalalo. Sankalitchula pofuna kupempha. Liwu linali m'kamwa, koma ntchito ya liwu, yoti munthu atchule chinthu kulibe ndipo mnzake amubweretsere, inali isanalowe mumtima mwake. Khanda la chaka chimodzi loleredwa pamsana pa mayi ake limaidziwa ntchito imeneyi lisanathe n'komwe kutchula bwino: limaloza, limayang'ana nkhope ya mayi, limayang'ananso chinthucho, ndipo mayi amatchula dzina lake. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa tsiku popanda wina kuzitcha sukulu.

Itard sanagwe ulesi. Anasula zilembo zachitsulo, ndipo Victor anaphunzira kusanja L, A, I, T kuti apatsidwe mkaka. Pang'onopang'ono anadziwa kuwerenga mayina a zinthu zina ndi kupita kukazitenga. Apanso panali chopunthwitsa. Atasonyezedwa liwu lotanthauza buku, ankaganiza kuti ndi dzina la buku limodzi lokhalo limene anaphunzirirapo. Atawongoleredwa, anayamba kutcha buku pepala lililonse. Makolo amadziwa zimenezi, pakuti mwana wamng'ono amayamba watcha mwamuna aliyense kuti ababa. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa zaka ziwiri amadutsa pamenepa m'masabata ochepa, pamene Victor ankakwera phiri pa liwu lililonse. Zaka zisanu zitatha, Itard analemba lipoti lake lachiwiri mu 1806, navomereza kuti mnyamatayo sanaphunzire kulankhula.

Kodi chinalepheretsa n'chiyani? Akatswiri akhala akukangana mpaka lero. Ena amati Victor anali ndi vuto lobadwa nalo, mwina limene masiku ano limatchedwa autism, ndipo n'chifukwa chake anatayidwa. Ena amati nthawi ndiyo inali itamuthera. Mu 1967 Eric Lenneberg anafalitsa ganizo lakuti ubongo wa mwana uli ndi nyengo yake yolandirira chinenero, ndipo nyengoyo ikapita khomo limayamba kutsekeka. Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees anasonyeza kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 amasiyanitsa timawu ta zinenero zachilendo timene makolo awo sangasiyanitse, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 lusolo limachepa, makutu atakhazikika pa chinenero cha pakhomo. Mwana amayamba kuphunzira chinenero kalekale asanatchule liwu loyamba.

Pali cholakwa chimodzi chimene ambiri amamunena nacho Itard, ndipo ndikuona kuti sakumunamizira. Ankagwira ntchito pasukulu imene ana osamva ankalankhulana ndi manja tsiku ndi tsiku, ndipo Victor mwiniwake ankadziwa kusonyeza zofuna zake ndi zizindikiro: akafuna kukayenda ankabweretsa zovala n'kukokera munthu kukhomo. Komabe Itard sanamuphunzitse chinenero chamanja, chifukwa mtima wake unali pa mawu apakamwa.

Ngakhale zinali choncho, ntchito yake sinafere pomwepo. Mu 1821 analemba buku la matenda a makutu. Wophunzira wake Édouard Séguin anapitiriza njira zophunzitsira ana olumala m'maganizo, ndipo Maria Montessori, amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana ku Rome mu 1907, anawerenga zolemba za onse awiri mwakhama. Ntchito yothandiza anthu ovutika kulankhula, imene Angerezi amaitcha speech therapy, inadzakhala ntchito yodziimira payokha pambuyo pake: bungwe la akatswiri ake linakhazikitsidwa ku America mu 1925, ndi ku Britain mu 1945.

Katswiri wa ntchitoyi masiku ano akabweretseredwa mwana wochedwa kulankhula amayamba pomwe Itard anayambira, kupimitsa makutu, pakuti mafinya a m'khutu osachiritsidwa ndi matenda oumitsa khosi amatha kugonthetsa mwana makolo osadziwa. Ku America malangizo ndi akuti khanda lipimidwe makutu lisanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe pofika miyezi 3, ndipo thandizo liyambe pofika miyezi 6. Kenako katswiriyo amayang'ana chija chinasowa pa kapu ya mkaka: kodi mwanayu amaloza, amayang'ana nkhope, amapempha? Ndipo mwana akamalankhula ndi manja kapena ndi zithunzi, sakanizidwa. Gawo lalikulu la ntchito amalipereka kwa amene amakhala ndi mwanayo pakhomo, amayi, agogo ndi achemwali ake.

Munthu wapakhomo wa Victor anali Madame Guérin. Itard analemba kuti mwamuna wa mayiyu atamwalira, Victor anaika mbale ya malemuwo pathebulo monga mwa masiku onse. Mayiyo ataona mbaleyo analira. Victor anaichotsa n'kuibwezera m'kabati, ndipo sanaiikenso. Maphunziro atatha, anakhalabe ndi mayiyu m'nyumba ina pafupi ndi sukulu ija mpaka pamene anamwalira mu 1828, ali ndi zaka pafupifupi 40.