Mphenzi ya ku Neno ndi nsanja ya Siloamu

Mu Januwale 2016 mphenzi inapha mtsikana m'dera la Mfumu Dambe ku Neno. Anthu anakana zoti inali ngozi. Anagwira nkhalamba zinayi n'kuzipha, ati ndizo zinatumiza mphenziyo mwaufiti.

Lamulo loletsa kunamizira munthu ufiti lilipo kuyambira 1911, nthawi ya atsamunda, koma silinawateteze agogowa. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti izi zinachitika m'dziko limene ambiri timadzitcha Akhristu. Pa Luka 13 Yesu akutchula anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, ndipo akukana zoti anafa chifukwa anali ochimwa kuposa anzawo. Pa Yohane 9 ophunzira ake akufuna kudziwa amene analakwa kuti munthu abadwe wosaona, iye mwini kapena makolo ake. Yesu akukana zonse ziwiri.

Ngakhale pa Levitiko 16, pomwe mlandu wa Aisraeli onse unkasenzetsedwa mbuzi, mkulu wa ansembe ankayamba waulula machimo a anthuwo, ndipo mbuziyo ankaiperekeza kuchipululu ili yamoyo. Ku Neno palibe anaulula kanthu, ndipo mlandu wonse unagwera okalamba amene sakanatha kuthawa.