Chitsulo chosadyeka msanga: kuchokera ku ng'anjo kufika ku chigayo

Anthu akangokolola, zigayo za pa Mkanda m'boma la Mchinji sizipuma. Amayi amafola ndi matumba, ufa uli mbuu kumaso. Mwini chigayo yekha ndiye amatchera khutu kwina. Akamva injini ikulemedwa, ufa ukutuluka pang'onopang'ono pamene dizilo akupita, amadziwa kuti mahamala adyeka. Amazimitsa n'kuwatembenuza kuti ngodya ina igwire ntchito. Ngodya zonse zikatha, ndiye kupisa m'thumba.

Chimene chimadya mahamala kwambiri si chimanga ayi, koma mchenga umene chimatola poyanikidwa pansi. Timiyala ta mumchenga n'tolimba kuposa zitsulo zambiri, ndipo kalikonse kakagunda kamapala pang'ono. N'chimodzimodzi ndi khasu m'munda wa mtedza, ndi pulawo imene ng'ombe zikukoka m'dothi la mchenga.

Vutoli ndi lakale. Makasu a m'sitolo asanabwere, Achewa ankayenga okha chitsulo. M'nkhalango yosungira nyama ya Kasungu, kufupi ndi Mchinji, mukadali zotsalira za ng'anjo zadothi. Amisiri ankathiramo miyala yachitsulo ndi makala, moto n'kuyaka kwa nthawi yaitali, kenako osula n'kutengera chitsulocho ku chipala, kumene mvukuto ndi nyundo zinkachisandutsa makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 kuchokera ku Tete, analemba za luso limeneli, ndipo makasu a Amaravi ankagulitsidwa mpaka kuchigwa cha Zambezi. David Killick, amene anafufuza ng'anjo za ku Kasungu m'zaka za m'ma 1980, anapezako nkhalamba zimene zinkakumbukirabe ntchitoyi. Moto wa ng'anjozo unali utazima cha m'ma 1930, makasu otsika mtengo ochokera kunja atadzaza.

Chitsulo cha m'ng'anjo sichinkafanana paliponse: pena cholimba, pena chofewa, malinga ndi kuchuluka kwa kaboni wochokera m'makala amene walowamo. Apa ndiye pagona nkhani. Chitsulo cha kaboni wochepa chimapindika ndi kubuntha msanga. Cha kaboni wambiri, ukachitentha n'kuchiviika m'madzi, chimalimba koma chimathetheka ngati mbale yadothi. Amisiri a ku Ulaya nawonso anavutika nazo zaka zambirimbiri.

Mu 1856, Henry Bessemer wa ku England anapeza njira yopangira chitsulo chambiri motchipa. Mu 1868, Robert Mushet anasakanizamo tungsten n'kupeza chitsulo chodulira zitsulo zinzake. Koma amene anadabwitsa anthu ndi Robert Hadfield wa ku Sheffield mu 1882. Zinkadziwika kuti manganizi akachulukirako pang'ono, chitsulo chimasweka. Iye anapitiriza kuthira mpaka magawo 12 kapena 13 pa 100 alionse, ndipo chinatuluka chitsulo chachilendo: chikamamenyedwa, pamwamba pake pamalimbiralimbira, m'kati muli mosasweka. Ngakhale maginito sachikoka. Mpaka lero ndicho chimaikidwa m'makina ophwanya miyala ku makwale ndiponso pamphambano za njanji zodutsa sitima zolemera. Miyala ya manganizi imakumbidwa ngakhale kwa anansi athu ku Zambia, m'dera la Mansa.

Munthu angaganize kuti chitsulo cha Hadfield ndicho yankho la chigayo. Ayi ndithu. Kuti chilimbe chimafuna nkhonya zamphamvu za mwala, ndipo njere ya chimanga ilibe mphamvu yotero. Mchenga umangochipala chikadali chofewa. Chigayo chimafuna chitsulo cholimbitsidwa kale ndi moto, chokhala ndi kaboni wokwanira ndi kromiyamu kapena boroni pang'ono. Kulimba kwake kumayezedwa ndi njira imene Johan August Brinell wa ku Sweden anayambitsa mu 1900, yokanikiza kampira kolimba pachitsulo n'kuyeza dzenje lake. Ku Sweden komweko, mu 1974, kunayamba kupangidwa zitsulo za Hardox, zimene nambala yake, monga 400 kapena 500, imanena za muyeso umenewu.

Owotcherera ndi osula a m'misika ya kumudzi anafika pa mfundo yomweyo popanda buku. Mfunseni aliyense chitsulo chabwino chosulira nkhwangwa, chikwanje kapena mahamala, adzakulozerani masipuling'i a galimoto yakufa. Sakulakwa. Masipuling'i amakhala ndi kaboni woposa pang'ono theka la gawo limodzi pa 100, kuphatikiza silikoni kapena kromiyamu, ndipo anapangidwa kuti azipirira kupindika kosalekeza. Mmisiri wodziwa amagunditsa chitsulo pa gilayinda n'kuyang'ana: chikathetheka moto wa nthambi zambiri, kaboni alimo.

Ngozi imabwera ndi wofuna zotchipa. Mahamala odulidwa ku chitsulo wamba cha mageti sachedwa kutha, ndipo akasiyana kulemera chigayo chimanjenjemera mpaka mabering'i kuwonongeka. Chitsulo chodyekacho sichipita kwina, chimathera mu ufa. N'chifukwa chake zigayo zikuluzikulu zimakhala ndi sefa yochotsa mchenga ndi maginito pakhomo polowera chimanga, pofuna kugwira misomali ndi tizidutswa ta waya tisanafike pa mahamala.