Mizikiti ya ku Kitwe ndi Ndola

Mzikiti ndi nyumba imene Asilamu amapemphereramo. Ku Kitwe ndi ku Ndola iliko ikuluikulu m'tauni ndi ing'onoing'ono m'makomboni. Ambiri a ife a ku Garneton timaidutsa popita ku msika, koma sitidziwa amene amasonkhanamo.

Anacokera kuti?

Asilamu a kuno si mtundu umodzi. Amalonda ocokera ku Gujarat, m'dziko la India, anayamba kukhala ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ca m'ma 1905, ndipo pambuyo pake ena anatsegula masitolo m'matauni a m'mbali mwa njanji. Ayao a ku Malawi anabwera kudzafuna nchito ku migodi, monga anacitira makolo a ambiri a ife. Asomali anafika ku Ndola makamaka pambuyo pa 1965, pamene mafuta anayamba kubwera pa magalimoto kucokera ku Dar es Salaam cifukwa ca vuto la Rhodesia. Ena ndi a ku Senegal ndi Mali, amene anakopeka ndi malonda a miyala ya emerald ya ku Lufwanyama. Kalembera wa 2010 anapeza kuti pa anthu 200 alionse m'Zambia, mmodzi ndi Msilamu.

Zocitika mkati

Asilamu amapemphera kasanu pa tsiku, ndipo pemphero lalikulu limacitika pa Cisanu masana. Asanalowe amasamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi, nsapato nazisiya pakhomo. Mkati mulibe mabenci kapena zithunzi. Onse amaima m'mizere kumbuyo kwa imamu, atayang'ana ku Mecca, kumene kwa ife kuli kumpoto cakum'mawa. Amayi amakhala ndi malo awoawo.

Cifukwa cake tiyenera kudziwa

Msilamu akamwalira, mtembo amausambitsa, kuukulunga m'nsalu yoyera ndi kuuika m'manda mwamsanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Tikamva maliro kwa mnansi wathu tisadikire mawa, cifukwa tidzapeza ataika kale. Tikawaitana ku ukwati, tisawapatse nkhumba.

Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, koma malamulo a dziko lomweli amateteza ufulu wa munthu aliyense kupembedza. Timasiyana nawo pa za Yesu Khristu, ndipo sitibisa zimenezo. Komabe lamulo la pa Mateyu 22:39 silisankha mnansi.